Nqumayo: dzina limene lilime lathu likulephera

Nditaona koyamba dzina loti Nqumayo m'buku la mbiri ya dziko lino, ndinkayesa kuti olemba analakwitsa, poti Chichewa chilibe chilembo cha q. Dzinali linali la a Albert Muwalo Nqumayo a ku Ntcheu, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, amene ananyongedwa mu 1977 pa mlandu woukira boma. Ambirife timangowadziwa kuti a Muwalo. Dzina lomalizalo timalilumpha chifukwa limavuta kutchula.

Nqumayo ndi chiwongo cha Chingoni, ndipo gwero lake lili ku KwaZulu-Natal, ku South Africa. Kumeneko amati Nxumalo, banja lachifumu la mtundu wa Ndwandwe. Mfumu yawo Zwide inagonja kwa Shaka cha m'ma 1819, ndipo anthu ake anabalalika. Soshangane, amene anakakhazikitsa ufumu wa Gaza ku Mozambique, anali wa kwa Nxumalo. Gulu lina linatsata Zwangendaba n'kuwoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Soseya, mkazi wa Zwangendaba komanso mayi wa Mpezeni, anali wa kwa Nqumayo.

Nanga bwanji Nxumalo anasanduka Nqumayo? Anthu a Ndwandwe ankatchula y pamene Azulu ena amatchula l, kotero "malo" ankamveka "mayo". Zilembo x ndi q zimaimira mawu othethetsa lilime, amene Chichewa ndi Chitumbuka zilibe. Angoni atakwatira akazi a kuno, ana anatenga chilankhulo cha amayi awo, ndipo kuthetha kuja kunazimirira. Lero wowerenga dzinali amangoika k pamalo pa q.

Choncho tanthauzo la dzinali silili ngati la Phiri, loti aliyense amva. Dzinali likunena kumene munthu anachokera ndi mfumu imene makolo ake ankaigwadira. Ngakhale y mmodziyo ndi umboni wa kalankhulidwe ka anthu amene ufumu wawo unatha zaka 200 zapitazo.

Nkhawa yanga ndi iyi: polembetsa sukulu kapena chiphaso cha unzika, dzina lovuta limafupikitsidwa, mwina kusiyidwa kumene, n'kutenga la agogo. Wolembayo amaona ngati wathandiza, koma wafufuta ulendo wonse wochoka ku Natal. Anzanga, ngati kwanu kuli chiwongo chimene chimakupindani lilime, pitani kwa agogo akadali moyo, akuuzeni katchulidwe kake, ndipo mulembe mmene anenera.