Mkamwini amene anabzala mango kwa Mlolo

Kum'mwera kwa boma la Chadiza, m'dera la Mfumu Mlolo kufupi ndi malire a Mozambique, kuli mudzi wina umene umaonekera patali chifukwa cha mitengo ya mango yothithikana ngati kumanda. Pansi pa mitengoyo mayi wina wa imvi anayala mphasa n'kuyamba kufotokoza za bambo ake, malemu amene adzukulu ankawaitana kuti ambuye.

Bambowo sanabadwire m'mudzimo. Anabwera uchikamwini monga mwa mwambo wa Achewa: mwamuna amamanga kwawo kwa mkazi, amalima nthaka ya apongozi, ndipo ana amakhala mbumba ya atsibweni awo. Mwana woyamba akadali kumsana, iwo anapita ku Walale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia, njira imene amuna ambiri a chigawo cha Fort Jameson ankadzera pofuna ndalama ya msonkho. Anzawo ena anasanduka matchona. Iwo anabwerera mu 1964, chaka cha ufulu, ali ndi njinga, mabulangete awiri ndi sutikesi yachitsulo, ndipo sanapitenso.

Chimene anachita atangofika chinaseketsa mudzi wonse. Masiku amenewo mkamwini sankabzala mitengo, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira, mwamuna ankanyamula khasu ndi nkhwangwa n'kubwerera kwawo, zonse zomera n'kutsalira eni nthaka. Koma iwo anakumba mayenje kuseri kwa nkhokwe, kukwiriramo njere za mango, n'kuzinga kamtengo kalikonse ndi minga kuopa mbuzi. Mayiyo akukumbukira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye ali kamtsikana, atasenza mtsuko kuchokera kuchitsime. Bambo ake ankamuonetsa kuthira madzi pang'onopang'ono m'mphepete mwa dzenje kuti dothi lisakokoloke, kenako ankavundikira ndi makoko a mtedza. Alamu awo akawafunsa kuti akuvutikiranji pa nthaka ya eni, ankangoloza anawo.

Zina zinatsatira pambuyo. Mtedza wa Chalimbana unagula ng'ombe ziwiri ndi pulawo, chimanga chotsala chinkapita kudepoti ya NAMBOARD, ndipo ndalama, zitasintha kukhala kwacha ndi ngwee mu 1968, zinkasungidwa m'kachitini m'sutikesi muja. Kachitiniko sikankatsekulidwa mwachisawawa. Kanali ka fizi, ya anyamata ndi atsikana omwe. Mwambo unkalola bambo kusiyira atsibweni udindo umenewu popanda womudzudzula, ndipo apa m'pamene munthuyu ayenera kulemekezedwa: palibe amene anawakakamiza. Mwana wachiwiri atasankhidwa kupita kusekondale ya ku Chadiza, anamukweza panjinga, katundu pakaliyala, iwo akupalasa mpaka pageti.

Zaka za m'ma 1980 zinali zowawa kumalire. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inathamangitsa anthu a ku Tete, ambiri a iwo Achewa omwewo, a mtundu umodzi, olambira Kalonga Gawa Undi mmodzi. Ankafika usiku, mitolo pamutu, ana ali chete ndi mantha. Apa n'kuti mango aja atakula, ndipo mabanja angapo anamanga misasa mumthunzi mwake mpaka pamene boma linayamba kusamutsira othawa nkhondo ku Ukwimi, kumene panthawiyo kunali m'boma la Petauke. Zigawenga zinkadumphanso malire kudzalanda ng'ombe ndi chakudya. Mphekesera zikamveka, ambuye ankaperekeza amayi ndi ana kuthengo, iwo n'kubwerera kudzagona pafupi ndi khola.

Kenako chinadza chilala cha 1992, chaka cha chimanga chachikasu. Nkhokwe zinauma mvula ina isanayandikire. Mayiyo akuti m'miyezi ya Novembala ndi Disembala mphika wa m'mudzimo unali mango aawisi: kuwathyola, kuwaphika mpaka khungu litang'ambika, n'kugawira ana m'mbale. Alamu aja amene ankaseka ankabwera ndi malichero, ndipo palibe amene anakumbutsidwa mawu ake akale.

Pofotokoza za ukalamba wawo, mayiyo anachedwapo kwambiri. Madzulo ambuye ankakhala pakampando kachikumba akusema mipini, adzukulu atawazungulira akusenda mtedza, nthano ikuyenda, adzukuluwo akuvomera kuti tili tonse. Anyamata anaphunzira kwa iwo kuzindikira una wa mbewa ndi kumanga goli pakhosi pa ng'ombe. Mdzukulu akalakwa sankamukalipira pagulu, ankamutenga kudimba, n'kubwerako atamvana. Mwezi wa Ogasiti, mthumba mukakhala kanthu, ankatenga mmodzi kapena awiri kupita ku Mkaika, ku Katete, kukaona mwambo wa Kulamba ndi gule wamkulu.

Akazi awo atamwalira, abale ochokera kumudzi kwawo anabwera kudzawatenga monga mwa mwambo. Ankhoswe anakhala pansi, koma nkhani sinatalike. Anyakwawa ndi alamu anapempha kuti munthuyo asachoke, ndipo iwo eni anati sangasiye adzukulu. Anakhalabe m'nyumba yomweyo mpaka pamene anamwalira mu 2012, chaka chimene Vubwi anapatulidwa ku Chadiza kukhala boma palokha. Anaikidwa kumanda a kuchikazi, pafupi ndi akazi awo.

Masiku ano adzukuluwo ali ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Migodi, koma tchuthi cha Disembala chikafika ana awo amadzaza bwalo, milomo ili yachikasu ndi mango. Akamwini a m'mudzimo tsopano amabzala mitengo popanda wowaseka. Owotcha njerwa abwerapo kangapo kudzapempha mitengo ikuluikuluyo kuti ikhale nkhuni za uvuni, ndalama zili m'manja. Mayiyo wawabweza onse, ndipo mpaka lero palibe mtengo wa ambuye umene wagwetsedwa ndi nkhwangwa.