Kupala msewu si kusalaza chabe

Kwathu kuno ku Katete, chimakina chilichonse chachikasu chokumba kapena kukankha dothi timachitcha katapila. Dzinali ndi la kampani ya ku America, Caterpillar, yomwe inayamba mu 1925, koma ife tinaliveka ngakhale makina a Komatsu a ku Japan ndi a ku China omwe. Ogasiti akayandikira, misewu yolowera ku Mkaika ikamakonzedwa kuti alendo a Kulamba afike bwino kwa Kalonga Gawa Undi, ana amangofuula kuti katapila yabwera. Eni ntchito sanena choncho. Kwa iwo kuli buludoza yogwetsa mitengo ndi zulu, gileda youmba msewu, ekisikaveta yokumba, loda yopakira, tipa yotuta, bauza yothirira madzi, ndi lola yotsendera. Ndipo munthu wokhala pa gileda mukamutcha dalaivala, amakukonzani mwaulemu kuti iye ndi opaleta.

Kusiyanitsako si matama. Dalaivala amayang'ana kutsogolo ndipo ntchito yake imawerengedwa ndi makilomita. Opaleta maso ake amakhala pansi, pa nsonga ziwiri za mpeni, ndipo makina ake amawerengedwa ndi maola. Funsani makanika zaka za gileda, akuuzani maola amene injini yalira, chifukwa oilo ndi mafiluta amasinthidwa potsata maolawo.

Mawu aakulu pa ntchito yonseyi ndi msana. Msewu wafumbi uyenera kukwera pakati n'kutsetserekera mbali zonse ziwiri, pafupifupi masentimita 4 mpaka 6 pa mita iliyonse. Ukakhala wa mamita 6 m'lifupi, pakati pamakwera ndi masentimita 15 kapena kuyandikira pamenepo, kutalika kosafika chikhatho chotambasula. Kochepako ndiye kamasunga msewu. Mvula ya Januwale ikagwa pa msana, madzi amathawira m'ngalande. Ikagwa pa msewu wosalazidwa mopanda msana, madzi amaima, matayala a ngolo ndi malole a thonje amaponda pofewapo, ndipo pofika Malichi msewu wasanduka mtsinje. Opaleta wosadziwa amayendetsa mpeni pakati penipeni, kudula msana womwe anaupeza, dothi n'kuliunjika m'mbali. Anthu amaomba m'manja poona kusalala, osadziwa kuti mizere ya dothi imene wasiya m'mbaliyo yatsekera madzi mumsewu momwemo. Katswiri amayambira m'ngalande. Amapendeketsa mpeni, kukokera dothi losankhika pakati, kubwerera mbali inayo, kenako kuyala. Mukamaona matayala akutsogolo a gileda atapendama, sikuti athyoka: mwini wake wawapendeketsa dala kuti alimbane ndi mphamvu ya dothi yomwe imakankhira makina kumbali. Mpeni wa mamita pafupifupi 3.7 amauwongolera ndi maliva angapo nthawi imodzi, uku akumvera kulira kwa injini, pakuti injini ikayamba kulemedwa ndiye kuti mpeni walowa kwambiri. Liwiro lake ndi la munthu woyenda ndawala. Akathamanga, mpeni umadumphadumpha n'kusiya mabampu omwe aja amene anabwera kudzachotsa.

Ngalande nazo zili ndi ana ake. Yaikulu imatsata msewu, koma pamtunda uliwonse pafunika ina yopatuka yotayira madzi kutchire, apo ayi madzi amasonkhana, kuthamanga, n'kukumba chigwembe. Apa m'pamene pamabuka milandu, chifukwa ngalande yopatuka imathera m'munda wa munthu, ndipo mwini munda amaitseka gileda ikangochoka. Opaleta wanzeru amayamba walankhula ndi anyakwawa. Pomwe madzi ayenera kuwoloka msewu pamaikidwa kalavati, ndipo kalavati yoikidwa pamwamba pa njira ya madzi ndi ndalama zotayidwa.

Za dothi sitifunika kuphunzitsidwa kwambiri, pakuti mawu ake tili nawo kale. Katondo wosakanikirana ndi nsangalabwi ndiye amafunidwa, ndipo amakumbidwa pa nkhuti yosankhidwa, n'kutengedwa ndi matipa. Makande a kudambo amafufuma akanyowa n'kung'ambika akauma, choncho amachotsedwa kapena kukwiriridwa ndi dothi lina. Mchenga wokhawokha sugwirana. Chinsinsi chili pa chinyontho. Kapitawo amatapa dothi n'kulifinya m'dzanja, monga amachitira mayi woumba mbiya: likayoyoka, bauza ibwerenso, likatulutsa madzi, adikire dzuwa, likagwirana n'kusweka pawiri bwinobwino, lola ilowe. Amatsendera pang'onopang'ono, masentimita 15 pa nthawi, kuyambira m'mbali kupita pakati kuti msana usaphwanyike. N'chifukwa chake kupala msewu mu Okutobala popanda bauza kumangobala fumbi, ndipo dothi labwino limauluka ndi mphepo.

Amene anaonerera kukonzedwanso kwa Great East Road, makilomita pafupifupi 360 kuchokera pa mlatho wa Luangwa kudutsa Nyimba, Sinda ndi Katete mpaka ku Mwami, akumbukira zikhomo zomangidwa tinsalu m'mbali mwa msewu. Ntchitoyo, yomwe makampani a ku Portugal, Mota-Engil ndi Conduril, anagwira ndi ndalama za European Union ndi mabanki a chitukuko, inkayendera zikhomo zimenezo. Woyeza amalemba pa chikhomo kuti apa dulani mwakuti, apa kwezani mwakuti. Mnyamata amakoka chingwe pakati pa zikhomo ziwiri, kuyeza ndi tepi, n'kukweza zala kuuza opaleta zomwe zatsala. Pa msewu wa tala kuphonya kololedwa ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. Makina atsopano amatsogoleredwa ndi GPS, koma a m'makhonsolo athu ambiri akudalirabe diso ndi dzanja.

Wa ekisikaveta luso lake limaoneka pansi pa dzenje: losalala, makoma osagumuka, dothi lounjikidwa patali ndi m'mphepete. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi, kotero khoma likagwera munthu palibe zoti tithamangire fosholo. Kumbuyo kwa makina saona bwino, ndiye amamvera munthu mmodzi yekha wopereka zizindikiro, ngakhale abwana akukuwa.

Nkhani ya makinawa lero ikutikhudza tonse. Mu 2022 ndalama zachitukuko cha madera za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo makhonsolo ambiri anagula magileda ndi makina ena. Kugula chitsulo n'kosavuta. Kupeza munthu wodziwa kuumba msana, n'kumulipira mokwanira kuti asathawire ku migodi ya ku Solwezi, ndiye nkhani imene sitiimva kawirikawiri pa misonkhano. Inu a m'makomiti a chitukuko a m'mawodi ku Katete, Sinda ndi Vubwi, gileda ikadutsa kwanu musafunse makilomita okha. Imani pakati pa msewu muone ngati pakwera, tsatani ngalande mpaka pomwe ikutayira madzi, ndipo funsani ngati bauza ndi lola zinabwera musanasainire kuti ntchito yatha.