Nthambi

Nthambi ndi ya mtengo, yotuluka pa thunthu. Koma pa nkhani za ulamuliro timamva za nthambi zitatu za boma, ndipo mawuwo akutanthauza magulu amene anagawana mphamvu: ku Zambia ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, Pulezidenti ndi nduna zake, komanso makhoti.

Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ku mafakitale a ku Kafue, imatithandiza kumvetsa. Boma lili ndi gawo m'fakitaleyi kudzera ku Industrial Development Corporation, imene wapampando wake ndi Pulezidenti. Komabe ndalama za msonkho sizingatuluke m'thumba la boma aphungu asanavomereze bajeti, ndipo wantchito amene wachotsedwa mopanda chilungamo amakadandaula kukhoti, osati kwa nduna.

Ine mawuwa amandisokoneza pang'ono. Nthambi za mtengo sizilimbana, pamene izi anazipanga kuti zizidzudzulana. Mu Ogasiti 2016, Khoti la Malamulo Oyendetsera Dziko, limene linali litangokhazikitsidwa chaka chomwecho, linagamula kuti nduna za Pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, zinalakwa pokhalabe m'maudindo Nyumba ya Malamulo itathetsedwa, ndipo linazilamula kubweza malipiro a masiku amenewo. Nthambi ina inakwapula inzake.

Kwina nthambizi n'zolukanalukana. Ku Zambia nduna zimasankhidwa pakati pa aphungu, choncho munthu mmodzi amakhala pa nthambi ziwiri. Ku America sizitero: phungu akapatsidwa unduna amayamba watula pansi uphungu.