Nkhwangwa Yobwereka M'dziko la Eni

Pa Nkaya, m'boma la Balaka limene kufikira 1998 linali mbali ya Machinga, pali mphambano ya njanji. Ndipo ngakhale njanji yochokera ku Blantyre inadutsa dera limeneli kale, nifika ku Salima mu 1935, malowa anamveka kwenikweni mu 1970, pamene anatsegula nthambi yolowera kum'mawa, yowoloka Shire pa Liwonde, yotulukira pa Nayuchi, ndi kupitirira m'dziko la Mozambique kufikira ku doko la Nacala. Masiku amenewo wamalonda wotumiza fodya kapena woitanitsa feteleza sankasowa tulo poganizira ngozi ya galimoto m'dziko la eni, pakuti katundu wochuluka ankayenda pa sitima, ndipo mabogi akagubuduka mlandu unali wa eni njanji.

Komatu funso lakuti alipe ndani chinthu chobwereka chikawonongekera kutali ndi mwini wake silinadze ndi Azungu ayi. Makolo athu a m'mbali mwa Shire ndi Rivirivi, amene ankabwerekana mabwato ndi makasu, ndipo pambuyo pake ngolo ndi njinga, anadziwa bwino lomwe kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Chifukwa chake wobwereka chinthu cha mtengo wapatali ankadza ndi mboni, kapena ankasiya chikole, ndipo bwato likasweka nkhani inkayambira kwa eni mbumba, ikakanika n'kukwera ku bwalo la mfumu, kumene akuluakulu ankasanthula ngati kunali kusasamala kapena tsoka chabe. Munthu sankasenza dipo yekha: atsibweni ndi abale ankasonkha mbuzi ndi nkhuku. Ngakhale chilamulo cha Mose chinasiyanitsa chiweto chobwereka ndi cholipiridwa, ndiponso chofa mwini wake alipo ndi chofa iye kulibe. Koma mwambo wathu wonsewo unatsamira pa chinthu chimodzi, chakuti wolakwa ndi wolakwiridwa ankagwadira mfumu imodzi, kapena mafumu odziwana.

Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inatikankhira kumene kulibe mfumu yotidziwa. Njanji ya ku Beira itatsekeka, ndi ya ku Nacala yomwe italeka kuyenda mu 1984, katundu wa dziko lino anatsika m'mabogi nakwera malole, amene ankatulukira pa Mwanza, kudutsa Tete motsogoleredwa ndi asilikali, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, ena mpaka ku Durban. Ndipo pa malire alionse dalaivala ankayenera kugula inshuwalansi yatsopano, popeza ya kwawo inkathera pa chipata. Pofuna kuchotsa goli limeneli, maiko a mgwirizano wa zamalonda wa PTA, umene unasainidwa ku Lusaka mu 1981 ndi kusanduka COMESA pa msonkhano wa ku Lilongwe mu 1994, anakhazikitsa chikalata cha Yellow Card, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 1987, potsanzira Green Card ya ku Ulaya. Nzeru yake n'njosavuta: munthu agule chikalatacho kwa kampani ya inshuwalansi ya kwawo, ndipo akapweteka munthu ku Zambia kapena ku Zimbabwe, ofesi ya m'dziko lomwelo ilipira wovulalayo, n'kudzaitanitsa ndalama zake kuno pambuyo pake. Tanzania, ngakhale inatuluka mu COMESA mu 2000, inakhalabe m'dongosolo limeneli.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa, ndipo ine ndiona kuti ogulitsa zikalatazi safotokoza mokwanira. Choyamba, Mozambique, dziko lomwe latizinga mbali zitatu, ndi kumene anthu a ku Balaka ndi Machinga amapita kawirikawiri, sililandira Yellow Card, kotero kuti wolowera pa Zobue kapena pa Mandimba ayenera kugula inshuwalansi ya kumeneko. Ku South Africa nako kuli thumba la Road Accident Fund, lodzazidwa ndi msonkho wa pa mafuta, limene limapepesa ovulala ndi amasiye, koma za chitsulo chophwanyika silikhudza n'komwe. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, zikalata zonsezi n'za third party, zolipira ena amene mwawapweteka. Galimoto imene mukuyendetsa inu siziidziwa.

Tsono iye amene atenga galimoto ya hayala ku Blantyre kapena ku Johannesburg, nasaina pepala lomwe sanaliwerenge, wadziika pa malo a wobwereka bwato uja, koma wopanda mbumba yomusonkhera. Dipoziti imene asiya ndiyo chikole cha masiku ano. Ngakhale galimotoyo ikhale ndi inshuwalansi ya comprehensive, pamakhala gawo lotchedwa excess limene wobwereka alipira yekha kampani isanatulutse kanthu, ndipo gawoli likhoza kuchepetsedwa powonjezera ndalama pa tsiku, kupatula kuti matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto kawirikawiri amazisiya kunja kwa pangano. Kuwoloka nayo malire kumafuna kalata ya chilolezo yochokera kwa mwini wake, pamodzi ndi mapepala a galimotoyo ndi chikalata cha kasitomu choilowetsera kwa kanthawi. Ndipo amene aidutsitsa popanda kalatayo, ikakagundidwa ku Tete, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira, mtengo wonse wa galimoto ndi wa kuikokera kuno nugwera iye.