Gule wovina awiri-awiri: mbiri yake m'Zambia ndi kaphunzitsidwe kake

Gule wovina awiri-awiri ndi gule amene anthu awiri amagwirana manja, wina n'kumatsogolera pamene mnzake akutsatira. M'gulu limeneli muli waltz, foxtrot, tango, rumba, salsa ndi kizomba.

Guleyu amasiyana ndi magule a makolo monga cimtali, citelele ndi kalela, amene anthu amavina pabwalo ali m'gulu limodzi.

M'tauni ya Kafue, monganso m'matauni ena a dziko la Zambia, acinyamata ambiri amayamba kuphunzira kuvina awiri-awiri pokonzekera ukwati. Anyamata ndi atsikana operekeza akwati amakumana madzulo kwa milungu ingapo, ndipo mai amene amachedwa matron amawaphunzitsa masitepe. Koma ukwati ukatha gulu limamwazikana, ndipo amene sanasankhidwe pa mzerewo sapeza kophunzirira.

Mmene unafikira m'dziko muno

Gule wa mtundu umenewu anakhazikika m'matauni a migodi ndi a njanji pa nthawi ya atsamunda. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa bungwe la zofufuza la Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza za umoyo wa anchito a ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. M'zolemba zake za m'caka ca 1941 ndi 1942 anafotokoza za makalabu a anthu akuda amene anali kucita mipikisano ya dansi atavala masuti ndi madiresi a madzulo.

Azungu anali kuitanidwa kudzaonerera magule amenewa, koma cifukwa ca tsankho la khungu, munthu wakuda sanali kuloledwa kukavina m'makalabu a azungu. Cipata cina cinali ndalama, pakuti wopanda zovala zoyenera anali kungosuzumira pa zenera.

Wailesi inathandiza kufalitsa nyimbo zovinira. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi ka batire kotsika mtengo kochedwa Saucepan Special, ndipo oimba monga Alick Nkhata anamveka m'makomboni ambiri kucokera pa nyumba ya mphepo ya mu Lusaka.

Pambuyo pake rumba ya ku Congo inalowa m'dziko muno ndi kukondedwa kwambiri. Bungwe la UNESCO linaika rumba imeneyi pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse m'caka ca 2021, monga linacitira ndi tango m'caka ca 2009. Kizomba, amene acinyamata a m'mizinda amakonda masiku ano, anacokera kwa anansi athu a ku Angola, kumene anaphuka kucokera ku gule wa semba ca m'ma 1980.

Tauni ya Kafue, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, inakula ndi mafakitale a Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals of Zambia ca m'ma 1970. Anchito anacokera m'zigawo zosiyanasiyana, olankhula Citonga, Cibemba, Cilozi ndi Cinyanja. M'malo otere gule wovina awiri-awiri ali ndi phindu limodzi lalikulu: safunsa mtundu wa munthu kapena cilankhulo cake.

Mmene amaphunzitsira

Phunziro loyamba ndi kumva nyimbo. Wophunzira amayamba ndi kuomba m'manja ndi kuwerenga. Waltz amawerengedwa patatu-patatu. Salsa amawerengedwa mpaka 8, koma phazi limaponda pa 1, 2, 3 ndi pa 5, 6, 7, n'kupuma pa 4 ndi pa 8. Kizomba ndi wodekha, ndipo maziko ake ndi kuyenda cabe.

Phunziro laciwiri ndi kagwiridwe. Wotsogolera sakoka mnzake ndi mphamvu. Amamudziwitsa kumene akupita mwa kusuntha thupi lake ndi kukankha pang'ono pa dzanja kapena pamsana. Wotsatira nayenso ali ndi nchito yake, yomvera cizindikiro ndi kusunga nthawi ya nyimbo.

Phunziro lacitatu ndi kusinthana. M'makalasi ambiri ophunzira amaima mozungulira, ndipo pakapita mphindi zocepa mphunzitsi amauza mbali imodzi kusunthira kwa munthu wotsatira. Motero wobwera yekha sasowa mnzake, ndipo wodziwa amathandiza wosadziwa.

Kutsegulira onse khomo

Zotsekereza anthu lero n'zina, koma zilipo. Makolo ena ndi a mipingo ena amakayikira gule wogwirana, poganiza kuti ndi njira ya ciwerewere. Atsikana ena amaleka cifukwa ca amuna osadziletsa. Okalamba amaopa kusekedwa, ndipo olumala kawirikawiri saitanidwa n'komwe.

Magulu amene amakhalitsa amakhala ndi malamulo odziwika kwa onse. Munthu amapempha mwaulemu asanagwire mnzake, ndipo wokana sakakamizidwa kupereka cifukwa. Phunziro limacitika masana kapena madzulo kusanade, m'holo ya sukulu, ya chalichi kapena ya khonsolo, kutali ndi mowa. Kutsogolera sikuli kwa amuna okha. Pamene atsikana aculuka, ena a iwo amaphunzira kutsogolera, ndipo wodziwa mbali zonse ziwiri amavina bwino koposa.

Kulumala sikuletsa munthu kuvina. Gule wa pa njinga za olumala anayamba ku Sweden m'caka ca 1968, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unacitikira ku Japan m'caka ca 1998. Wokhala pa njinga angavine ndi mnzake woimirira kapena wa pa njinga mnzake. Wakhungu amatsatira bwino cifukwa guleyu amadalira kukhudza, ndipo wosamva amatenga nthawi ya nyimbo pa thupi la mnzake.

Kuno ku Zambia lamulo nambala 6 la m'caka ca 2012 limateteza ufulu wa anthu olumala ndi kuletsa kuwasala. Komabe lamulo palokha silikonza khomo la holo lokhala ndi masitepe okwera. Imeneyo ndi nchito ya eni holo ndi atsogoleri a gulu.

Zofunika poyambitsa gulu ndi zocepa: pansi posalala, cokuzira mau, nsapato zosagwira pansi, ndi munthu mmodzi woleza mtima wodziwa kuwerenga nyimbo. A matron a maukwati amene ali kale m'makomboni ndiwo aphunzitsi apafupi amene gulu lotere lingayambire.