Bwenzi lomwe tinalisiya mu 2008

Anzanga apagulu pano, matenda akakula pa Manyamula kapena pa Mzimba boma, wodwala amamutumiza kuti? Ku Mzuzu Central. Koma mukudziwa kuti chipatalachi, chomwe chinatsegulidwa mu 2000, chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan?

Taiwan ndi chilumba cha anthu pafupifupi 23 miliyoni, kufupi ndi China. Ubale wathu ndi iwo unayamba mu 1966, nthawi ya Kamuzu. Mu Januwale 2008 boma la Bingu linalengeza kuti tsopano tili ndi China, yemwe amati Taiwan ndi chigawo chake basi. Madokotala a ku Taiwan anachoka ku Mzuzu, ife nkulandira Nyumba ya Malamulo yatsopano ndi msewu wa Karonga–Chitipa.

Ndiye taonani za 2020, chaka cha Covid-19. Mu Januwale a ku Taiwan anasankhanso mayi Tsai Ing-wen, mtsogoleri wosagonjera Beijing. Anachita changu kuyeza apaulendo ochokera ku Wuhan, moti chaka chonse anangomwalira anthu 7. Anagawira mayiko ena mamasiki mamiliyoni. Komabe kumsonkhano waukulu wa WHO sanawaitane, poti China inakana. Mu Africa muno, yomwe inatsala nawo pa ubale wa ukazembe ndi Eswatini yokha.

Ifenso pamsika timatero: kasitomala wa thumba lalikulu akafika, wakale timamuiwala. Sindikuti tinalakwa ayi, msewu uja tikuyendapo. Koma mukadzapita kukazonda wodwala wanu ku Mzuzu Central, mudzakumbukeko amene anatimangira.