Mtsikana Pakati pa Olemba Ndakatulo: Mbiri ya Buku la Frankenstein

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, lero tipita ku Ulaya, ku dziko la mapiri la Switzerland, ndipo tibwerera m'mbuyo kufikira caka ca 1816. Tifuna kuona m'mene buku lina loopsa linabadwira, ndi m'mene akatswiri openda mabuku analiweruzira.

Caka cimeneco nyengo yotentha sinaoneke ku Ulaya. Mu April 1815 phiri la Tambora, ku dziko limene lero tilicha Indonesia, linaphulika ndi kuponya phulusa losaneneka kumwamba. Phulusalo linacepetsa mphamvu ya dzuwa, kotero kuti caka cotsatira kunali mvula ndi cisanu pa nthawi imene mbeu zinayenera kukhwima, ndipo njala inagwa m'maiko ambiri.

M'nyumba ina yochedwa Villa Diodati, m'mbali mwa nyanja ya Geneva, munkasonkhana Angerezi asanu. Awiri anali olemba ndakatulo: Lord Byron, amene dzina lake linali litamveka kale ku Ulaya konse, ndi Percy Shelley. Panalinso dokotala wa Byron, John Polidori, ndi atsikana awiri, Claire Clairmont ndi Mary Godwin. Mary anali ndi zaka 18 zokha, ndipo kumapeto kwa caka comweco anakwatiwa ndi Percy nakhala Mary Shelley. Pakuti mvula inawatsekera m'nyumba, iwo ankawerengerana nthano za mizukwa za ku Germany, kufikira Byron ananena kuti aliyense alembe yake.

Kodi muganiza anapambana ndani? Olemba ndakatulo aja anatopa msanga. Byron analemba masamba owerengeka nawasiya, ngakhale kuti m'nyengo yomweyo anapeka ndakatulo yochedwa Darkness, yosimba za dziko limene dzuwa lake lazima. Dokotala uja anatola maganizo a nthano yosatha ya Byron nalemba The Vampyre, nthano ya munthu woyamwa magazi, imene inasindikizidwa mu 1819 ndi dzina la Byron molakwika. Koma Mary, amene kwa masiku angapo analibe coti alembe, ndiye anatulutsa buku lathunthu.

Nkhani yake ndi iyi. Mnyamata wa ku Geneva, Victor Frankenstein, apita kukaphunzira sayansi ku Ingolstadt, ndipo kumeneko atulukira cinsinsi ca moyo. Asonkhanitsa ziwalo za akufa, aumba munthu wamtali mafiti 8, namupatsa moyo usiku wina wa mu November. Koma colengedwaco citangotsegula maso, Victor aona kunyansa kwake, athawa, nacisiya copanda dzina, copanda cakudya, copanda wocilangiza.

Apa mpamene ndifuna kuti mumvetsere bwino, cifukwa ndi mtima wa buku lonse. Colengedwaco sicinali coipa pobadwa. Cinabisala m'kakhumbi pafupi ndi nyumba ya banja lina losauka, ndipo posuzumira pa mng'alu wa cipupa cinaphunzira kulankhula ndi kuwerenga, monga mwana woimirira kunja kwa zenera la kalasi. Usiku cinkawatemera nkhuni mobisa. Tsiku lina cinalimba mtima ndi kulankhula ndi nkhalamba ya m'nyumbamo, imene inali yakhungu, ndipo nkhalambayo inacilandira bwino. Koma ana ake atalowa ndi kuona nkhope yake, mnyamata anacikwapula ndi ndodo. Pambuyo pake cinapulumutsa kamtsikana komira m'madzi, ndipo malipiro ake anali cipolopolo. Kucokera pamenepo cinayamba kupha okondedwa a Victor mmodzimmodzi, kufikira awiriwo anapitikitsana mpaka ku madzi oundana a kumpoto.

Mary sanatole zonsezi m'maloto mokha. Luigi Galvani wa ku Italy anali ataonetsa kale kuti mphamvu ya magetsi igwedeza mwendo wa cule wakufa, ndipo mu 1803 mbale wake Giovanni Aldini anayesa zomwezo pa mtembo wa munthu ku London. Ndakatulo nazonso ziri m'kati mwa bukulo. Limodzi mwa mabuku amene colengedwa cija ciwerenga ndi Paradise Lost, ndakatulo yaitali ya John Milton yonena za Adamu ndi Satana, ndipo poiwerenga cizindikira kuti Adamu anali ndi Mlengi womusamala, pamene ico ciribe.

Buku linatuluka mu January 1818, makope 500 okha, lopanda dzina la mlembi. Mau oyamba analemba ndi Percy, ndipo bukulo linaperekedwa kwa William Godwin, atate ake a Mary, amene maganizo ao pa ndale ankadedwa ndi anthu okonda boma la nthawiyo. Tsono taonani m'mene oweruza anacitira. John Wilson Croker, polemba m'magazini ya Quarterly Review, yogwirizana ndi boma, ananyoza bukulo kuti ndi zopusa zonyansa zosaphunzitsa khalidwe liri lonse. Ndipo wowerenga mau ake aona msanga kuti dzina la Godwin ndilo linamuputa mkwiyo. Walter Scott, mlembi wamkulu wa ku Scotland, analiyamikira kwambiri m'magazini ya Blackwood's, koma ankaganiza kuti mlembi ndi Percy, kotero kuti Mary anacita kumulembera kalata yomuuza kuti bukulo ndi lake. Magazini ina, British Critic, itamva mphekesera kuti mlembi ndi mkazi, inati zimenezo zikulitsa kulakwa kwa bukulo. Ine ndiona kuti mwa atatuwa, Scott yekha ndiye anawerenga nkhani yeniyeniyo. Enawo anali kuweruza dzina la munthu.

Dzina la Mary linaoneka pa bukulo mu 1823, caka comwe nkhaniyo inayamba kuseweredwa m'mabwalo a masewero ku London. Masewerowo anaichukitsa, komanso anaiononga, pakuti analanda colengedwa cija pakamwa. Kanema wa mu 1931, m'mene Boris Karloff anasewera cirombo, anatsata njira yomweyo: cimunthu cobuula, coyenda modzandira, cosatha kunena liu. Ndiye cifukwa cake anthu ambiri ayesa kuti Frankenstein ndi dzina la cirombo, pamene liri dzina la wocipanga. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaphunzitsa ndakatulo za Byron ndi Percy m'masukulu apamwamba, namchula Mary monga mkazi wa wolemba ndakatulo basi.

Zinthu zinatembenuka mocedwa. Mu 1973 Brian Aldiss, m'buku lake Billion Year Spree, ananena kuti Frankenstein ndilo ciyambi ca nthano za sayansi, pakuti Victor sagwiritsa nchito matsenga kapena mizimu, koma maphunziro ndi zipangizo. Mu 1974 mai wina wa ku America, Ellen Moers, anakumbutsa owerenga cinthu cimene oweruza amuna anacilambalala. Amai ake a Mary, mlembi wochuka Mary Wollstonecraft, anamwalira patangopita masiku ocepa Mary atabadwa mu 1797. Ndipo mwana woyamba wa Mary anamwalira ali wakhanda mu March 1815. Moers anati bukulo likamba za kubala ndi mantha ake, ndi za kholo lothawa mwana wake. Aphunzitsi, mukasimbira ana nkhaniyi, afunseni kuti wolakwa woyamba ndani, ndipo muwalole atsutsane.

Panatsala funso limodzi, lija linasokoneza Scott: kodi Percy analembako zocuruka bwanji? Makope amene Mary analembamo bukulo asungidwa ku Bodleian Library ku Oxford, ndipo mu 1996 Charles Robinson anawasindikiza tsamba ndi tsamba. Nkhani iri m'dzanja la Mary. Dzanja la Percy lioneka m'mphepete ndi pakati pa mizere, likusintha mau apa ndi apo, mwina likuonjezera ziganizo. Percy anamira m'nyanja ku Italy mu 1822, Byron anafera ku Greece mu 1824, ndipo Mary analera yekha mwana wake mmodzi wotsala ndi ndalama zimene zina ankazipeza polemba, kufikira anamwalira ku London mu 1851.